Mametikali Khumi pa Tsamba

Anselmo wabwera nalo m'jumbo, buku lake lolemba pamanja,
akuti ndilitaipe lithe pofika Lachisanu.
Mametikali khumi pa tsamba, ndamuuza,
ndipo sindikongoza, ngakhale ndiwe wakwathu ku Domwe.
Waseka. Wandisiyira mango awiri patebulo.

Kunja dzuwa la Tete likukazinga malata,
magalimoto akuluakulu akulowera ku mlatho,
fumbi lawo likugwera pakati pa mabatani.
Ndayamba.

Mutu woyamba, m'Chipwitikizi chovala tayi:
Kodi moyo uliwonse ngoyenera kuupitiriza?
Zala zanga sizifunsa, zimangothamanga.
Zaka khumi ndi zinayi ndataipa za feteleza, za msonkho,
za ng'ombe za ku Angonia ndi nkhupakupa zake.

Pa tsamba 31 pali mayi wopanda dzina.
Tiyerekeze, akutero Anselmo,
munthu amene miyendo yake inafota ali mwana.
Tiyerekeze.
Ndasuzumira pansi pa tebulo.
Ilipo yonse iwiri, yapindika monga mwa masiku onse,
wina wavala sokosi ya Lurdes poti yanga sinaume.

Anthu ophunzira anamuika pa sikelo mayiyo.
Chaka chake chimodzi, akuti, ndi theka la chaka cha woyenda.
Ndawerengetsa pa kalikuleta:
ndiye kuti ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.
Ndikamuuze mwininyumba, lendi ndizilipira theka.

Akuti chifundo ndi kumutsegulira khomo,
jekeseni mmodzi, dokotala ali pambali, iye atasaina yekha.
Holo imene akakambiranemo zimenezi
ili ndi masitepe khumi ndi asanu ndi awiri.
Ndinawawerenga chaka chatha ndili m'munsi mwake,
mabuku a eni ake ali pamiyendo,
kudikira mlonda amalize kudya.
Khomo lolowera palibe walikonza.
Lotulukira ndiye alilembera masamba makumi asanu ndi limodzi.

Koma ndisaname.
Bambo anga, khansa itawadya m'chiuno,
ankaluma chitenje usiku kuti ana asamve,
ndipo kawiri anandigwira dzanja nati,
Jenoveva, ndithandize ndizipita.
Ndinapalasa njinga yanga ndi manja mpaka kuchipatala.
Mankhwala opha ululu atha, mubwere mwezi wamawa.
Mwezi wamawawo tinali titaphwetsa kale nyumba ya maliro.
Mpaka lero sindidziwa ndikanatani
botolo lina lija likanakhala m'manja mwanga.
Tsamba 40 ndalitaipa pang'onopang'ono.
Pamenepo mnyamatayu sananame.

Kungoti iwo ankalira ululu.
Ine palibe pakundiwawa. Ndikumva kutentha, ndi ludzu,
ndi mawu a kondakitala wa shapa
amene amati njinga nayo ilipire mpando,
ndi amayi a kutchalitchi ondisisita mutu ngati khanda
ine mwana wanga ali sekondale.
Anselmo watiika m'ndime imodzi,
bambo anga ndi ine,
pakati pathu kampatuliro basi.

Lachisanu wafika, malaya osita bwino.
Zolakwika ndakonza, ndamuuza, kupatula chimodzi.
Chiti, mana?
Mayi wa pa tsamba 31 sunamufunse.
Ameneyo ndi chitsanzo chabe, mana, si munthu weniweni.
Atatero maso ake atsika okha pansi pa tebulo,
akumana ndi sokosi ya Lurdes,
athawira kudenga kumene fani inafa chaka chatha.

Tangokhala.
Panja wina akutsatsa madzi ozizira.

Wawerenga ndalama kawiri, manja akunyowa,
zaperewera makumi asanu.
Ndamupatsa bukulo, lotentha ngati buledi.
Mango ako anali osapsa, ndamuuza.
Yotsalayo udzabweretse Lolemba,
ubwere ndi cholembera, ukhale pa mpando uwo.
Udzandipeza.